Mwana wangokhala m'nyumba kuyambira Januwale, ndithandizeni nzeru

LACHIWIRI

Make Yamikani, 19:42
Madzulo abwino nonse. Pepani a Admin, ndikudziwa kuti gulu lino ndi la maliro ndi zopereka, koma nkhaniyi yandisowetsa tulo. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 16. Amakhala ndi agogo ake ku Ntcheu, ndiye agogowo anatisiya mu Novembala. Nditapita kumaliro ndinangobwera naye, panalibe womusiyira. JCE anakhoza, anali atangoyamba Fomu 3. Mu Januwale ndinayenda naye masukulu awiri. Koyamba anati malo adzaza. Kwachiwiri mayi wa pa ofesi anangotembenuza pasipoti n'kuti tibweretse study permit, ife n'kubwerera. Pano tili mu Ogasiti mwana ali m'chipinda chimodzi chomwechi ku Cosmo City kuno ku Joni. Ine ndimatuluka 5 koloko m'mawa, kubwera kutada. Masiku ano wayamba kucheza ndi anyamata a pakona, ndipo mukudziwa zimene zimasutidwa m'makona a kuno. Kodi palibe njira ina yoti aphunzire, ngakhale isakhale sukulu ya yunifolomu?

Admin, 19:45
Lankhulani momasuka amayi. Ana amoyo ndi athunso, sitingamangokumana pa maliro pokha.

NaBanda Turffontein, 19:47
Pepani ndi za agogo achemwali. Mwana kungokhala miyezi yonseyo abale, mutu umayamba kuganiza zachabe.

Che Mjomba Mayfair, 19:53
Ine nzeru yanga ndi yachidule. Mukwezeni basi pa Park Station abwerere kumudzi. Kuli open school, amalowa masana anzawo akaweruka, fizi yake mukatumiza ma rand simungamve kulemera. Zaka ziwiri walemba MSCE, nkhani yatha. Joni si malo olelera mnyamata.

Make Yamikani, 19:56
Akakhala ndi ndani mjomba? Bambo ake anakwatira kwina, ngakhale kumaliro sanabwere. Mchemwali wanga ali ndi ana asanu m'nyumba ya zipinda ziwiri.

Che Mjomba Mayfair, 19:57
Self boarding ilipo.

NaBanda Turffontein, 19:59
Self boarding mjomba? Mwana wa zaka 16 yekhayekha pa trading centre, ma rand akubwera mwezi ndi mwezi, popanda womuyang'ana? Ndiye bola pakona pa Cosmo pomwepo, mayi ake amamuona usiku.

Aphunzitsi, 20:31
Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Make Yamikani, choyamba ndikuuzeni kuti mayi wa pa ofesi uja anakulakwirani. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira. Silinati nzika, linati aliyense. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda ku Eastern Cape linagamula mlandu umene a Centre for Child Law anasumira boma, n'kunena kuti mwana asakanidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala. Unduna unatulutsa Circular 1 ya 2020 kuuza masukulu onse zomwezo. Ngati mulibe zimene akufunazo, mumalemba affidavit ku polisi yofotokoza kuti mwanayu ndi ndani, anabadwa liti, inu ndi ndani wake. Sukulu ikati yadzaza, musamathere pa geti. Pitani ku ofesi ya district ya maphunziro, ndi ntchito yawo kupezera mwana malo.

Koma ndisakunamizeni kuti zikhala zophweka. Lamulo limakakamiza sukulu mpaka zaka 15 kapena Giredi 9, ndiye wa zaka 16 ma ofesi ena samuthamangira. Komanso akhoza kumubweza kalasi.

Bambo a Mphatso Tembisa, 20:36
Ku polisi aphunzitsi? Munthu pasipoti inatha masiku kalekale ukalowe wekha pa polisi? Kkkk mbuzi kukapereka moni kwa fisi.

Aphunzitsi, 20:40
Mantha amenewo ndi oona, sindingawatsutse. Affidavit amasainiranso commissioner of oaths wina aliyense, monga maloya. Funsani kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu, sipalephera wodziwa kolowera.

Make Yamikani, 20:44
Nanga chilankhulo? Anzanga anandiuza kuti akafunika kulemba Afrikaans kapena Chizulu. Mwana wangayu Chizulu chake ndi cha mu taxi basi.

Aphunzitsi, 20:52
Apa ndi pamene ambiri sadziwa. Matric, imene ili ngati MSCE ya kuno, imafuna zilankhulo ziwiri za dziko lino, n'zoona. Koma mwana amene wayamba sukulu ya kuno ali Giredi 7 kapena kupitirira apo, atachokera dziko lina, amatha kupempha kuti alembe chilankhulo chimodzi chokha, Chingerezi, n'kutenga phunziro lina m'malo mwa chachiwiricho. Sukulu ndi imene imamulembera pempho limeneli. Aphunzitsi aakulu ena sakuuzani pokhapokha mufunse nokha.

NaBanda Turffontein, 20:54
Shaa! Wanga anavutika ndi Afrikaans zaka zitatu, kulira ndithu. Bwanji simunanene kale aphunzitsi?

Aphunzitsi, 20:55
Simunandifunse mayi kkk.

Mbewe Mageti, 21:20
Ndawerenga zonse. Ine ndine wosaphunzira, ndiye mundikhululukire, koma ndinene zanga. Ndinalekeza Sitandade 7. Ntchito ndinaiphunzira kwa Biwi ku Lilongwe, kwa mdala wina wowotcherera mafelemu a zitseko. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba sanandigwiritse makina ngakhale tsiku limodzi. Kwanga kunali kupala dzimbiri, kuwongola zitsulo pa njanji ndi hamala, kukagula ma rod, kuphika nsima. Tsiku limene anandipatsa chogwirira ndinawotcherera opanda galasi pofuna kuonetsa udolo. Usiku wake maso ngati athiramo mchenga, ndinagona nditaika mbatatesi zodula pamaso. Lero ndili ndi kashedi kanga kufupi ndi Kya Sand, ndimapanga mageti ndi ma burglar bar, anyamata awiri amadya pa ine, kumudzi ndamanga ya malata. Anzanga a MSCE ena ndi amene ndimawapatsa piece job yopenta. Ndiye mwanayo m'bweretseni Loweruka. Dzanja likadziwa ntchito silifunsidwa permit.

Bambo a Mphatso Tembisa, 21:22
Apo mwalasa achimwene. Mapepala tili nawo m'masutikesi, tikusesa mayadi a eni.

Aphunzitsi, 21:34
A Mbewe, inu ndimakupatsani ulemu, geti la kutchalitchi kwathu munapanga ndinu ndipo mpaka lero silinagwe. Inenso ndine chitsanzo cha zimene a Bambo a Mphatso akunenazo, ndinaphunzitsa masamu zaka 9 ku CDSS, pano ndimalondera pa complex. Koma ndikufunseni pagulu pano. Ntchito ya ku ma flat ija munandiuza chaka chatha inakuphonyani chifukwa chiyani?

Mbewe Mageti, 21:49
Kkkk aphunzitsi mwandivula pagulu. Chabwino ndinene. Kontilakita wina anandipatsa pulani ya masitepe achitsulo, mapepala atatu, kuti ndipereke mtengo. Ine ndikaona malo ndi maso ndimadziwa chochita, koma za pa pepala zija, ma angle, ma millimetre, kuwerengera kuti zitsulo zilowa zingati, ndinangoti ndiyerekeze. Ndinatchula mtengo wotsika kwambiri moti mzunguyo anaseka, anadziwa kuti sindinawerenge. Anapatsa mnyamata wina wa Red Seal, setifiketi ija ya boma ya umisiri, wamng'ono kwa ine, amene kuwotcherera kwake sikufika kwanga. Zinandiwawa sabata yathunthu.

Aphunzitsi, 21:53
N'zimene ndikunena. Sindikukana shedi yanu. Ndikukana kuti tizinena kuti shedi yalowa m'malo mwa masamu. Mwana wakhoza JCE, tisamutsitse, timuwonjezere.

Wa Matemba, 21:55
Afika afika!! Usipa wa ku Monkey Bay, matemba a ku Chilwa, ufa woyera, nandolo, Sobo. Transport yopita Blantyre ndi Mangochi inyamuka Lachisanu. Inbox.

Admin, 21:56
Achimwene, malonda ndi Lamlungu. Tikukamba za mwana.

Wa Matemba, 21:56
Pepani bwana. Koma usipawo ndi wabwino.

LACHITATU

NaBanda Turffontein, 06:18
Ndili mu taxi, ndiloleni ndichenjeze Make Yamikani chinthu chimodzi asanayambe kuthamanga m'tauni. Mukatsika pa Bree kapena pa Noord mulandira timapepala tambirimbiri ta makoleji. Nursing, policing, IT, chilichonse, "no matric needed". Ine ndinagwa nazo ndi mwana wa mchimwene wanga. Koleji yake inali pa nsanjika yachitatu m'nyumba ina m'tauni, pansi pali shopu ya mafoni. Reception yokongola, kapeti, zithunzi za ana ovala ma gown pakhoma. Tinalipira chaka chathunthu, ndalama zoti ndikanagula malata. Makompyuta anali asanu ndi limodzi ana makumi angapo, mphunzitsi mmodzi yemweyo maphunziro onse. Pa graduation tinachita kubwereka gown ndi ndalama zathu, tinavina, zithunzi tinatumiza kumudzi. Atapita kukafunsira ntchito anamuuza kuti pepalali silidziwika kulikonse. Tikubwerera kuja tinapeza pasanduka saluni. Chikomekome cha nkhuyu, achemwali.

Make Yamikani, 06:25
Mayo ine. Ndipo kapepala kotero ndili nako m'chikwamamu, ndimati ndikafunse Loweruka.

Aphunzitsi, 07:02
Musang'ambe, tiyeni tikayese kaye. Koleji iliyonse yoyima payokha iyenera kulembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, ndipo mndandanda wake uli pa intaneti, aliyense atha kuona. Onani zinthu ziwiri: dzina la koleji ndi adiresi yake, komanso ngati kosi imene mukufunayo ili pamndandandapo. Ena analembetsa kosi imodzi koma akuphunzitsa khumi. Kosi yeniyeni imakhala yovomerezedwa ndi limodzi la mabungwe oona za maphunziro, Umalusi, QCTO kapena SETA. Ya unamwino ikhale yodziwika ku South African Nursing Council. Wina akakuuzani kuti aphunzitsa mwana upolisi pa nsanjika yachitatu, thawani, apolisi amaphunzitsa okha anthu awo. Nditumizireni chithunzi cha kapepalako ku inbox.

Bambo a Mphatso Tembisa, 07:40
Nanga ma TVET, makoleji a ntchito zamanja abomawa? Ndimaona ana a ma ovololo pa Ellis Park.

Aphunzitsi, 08:15
Imeneyo ndi Central Johannesburg TVET College, ili ndi makampasi angapo, ina ku Alexandra, ina ku Parktown. Ku Soweto ndi Roodepoort kuli South West Gauteng. Kwa inu ku Tembisa ndi Ekurhuleni West. Amenewa ndi enieni, ngati Soche Technical kapena Lilongwe Technical kwathu. Ali ndi kosi yotchedwa NC(V), zaka zitatu, Level 2 mpaka 4, polowera ndi Giredi 9, pomaliza pepala lake lili pa mlingo umodzi ndi matric. Vuto ndi ili: chigamulo cha 2019 chija chimakamba za sukulu, koleji ndi nkhani ina. Kumeneko wakunja amamufunsa permit, setifiketi ya kwathu amafuna ipite kaye ku bungwe la SAQA akaiyeze, ndipo NSFAS imene imalipirira anzawo a kuno mwana wa pasipoti ya Malawi saiona. Ma learnership ambirinso, aja ophunzira uku ukugwira ntchito, amafuna ID ya kuno. Ndiye khomo lilipo, koma kiyi wake ndi Home Affairs.

Che Mjomba Mayfair, 08:21
Mwaona? Mwazungulira mwabwerera pa mawu anga. Kwathu kuli TEVETA, kuli ma community technical college, mwana safunsidwa permit m'dziko la makolo ake. Ine anga onse ali ku Mangochi, m'mawa sukulu, masana madrasa, ndipo mtima wanga uli m'malo.

NaBanda Turffontein, 08:24
Anu ali ndi mayi awo kumeneko mjomba. Osayerekeza.

Che Mjomba Mayfair, 08:26
Zoona, pamenepo ndavomera.

Tadala, 12:47
Moni makolo. Ine sindiyankhulayankhula muno, nambala yanga anailowetsa ndi mayi anga nthawi ya maliro a malume. Koma nkhaniyi ndi yanga ndendende ndiye ndapempha kuti ndinenepo.

Ndinabwera kuno ndili ndi zaka 14, ndinakhala m'nyumba zaka ziwiri ndi theka. Aliyense akufotokoza za makoleji ndi malamulo, n'zabwino, koma palibe wafunsa kuti Yamikaniyo tsiku lake limatha bwanji. Ndikuuzeni langa. Mayi akatuluka ndimakhoma chitseko. 7 koloko ndimasuzumira pawindo kuona anzanga a mayunifolomu akudutsa. Kenako zii mpaka 2 koloko, akamabwerera ndimatseka katani kuti asandione. Anzanga a ku Zomba akatumiza zithunzi za ku sukulu ndimayankha kuti inenso ndili pa sukulu ya azungu, bodza. Mayi akabwera otopa mawu oyamba anali akuti "wangokhala tsiku lonse osatsuka ndi mbale zomwe". Sindiwadandaula, anali otopadi. Koma mawu akuti "ukungokhala" amalasa kuposa njala. Pakona paja munthu supita chifukwa chofuna fodya, umapita chifukwa ndi pokhapo pamene wina amakufunsa dzina.

Chimene chinandithandiza ndi ma centre ophunzitsa akuluakulu aja ankatchedwa ABET, pano amati CET. Yathu imakumana m'makalasi a sukulu ya pulayimale ana akaweruka. Tsiku loyamba ndinafuna kuthawa. Ndinakhala pa desiki ya ana a Giredi 3, maondo osalowa, pambali panga gogo wa Chisutu wa zaka za m'ma 60 akuphunzira kuti azitha kuwerenga mauthenga a ku banki yekha. Gogo ameneyo ndi amene anandiphunzitsa Chisutu, ine ndimamuthandiza ma fraction, iye amandibweretsera magwinya, mandasi a kuno. Ndinalemba Level 4, imene ili ngati Giredi 9. Pano ndili ndi zaka 22, masana ndimaluka tsitsi ku Rosettenville, ndipo ndikukonzekera matric ya akuluakulu ija amalemba mu Meyi ndi Juni.

Amayi, mufunseni mwiniwakeyo chimene akufuna. Musamufunse muli chiimire ndi chikwama m'manja. Mukhale naye pansi.

NaBanda Turffontein, 12:55
Mwana iwe wandiliza pa ntchito pano.

Admin, 12:58
Tadala zikomo mwanawe. Uziyankhula muno, gululi ndi lakonso.

Make Yamikani, 13:20
Mawu amenewo a "ukungokhala" ndinamuuza dzulo lomweli. Ambuye andikhululukire.

Aphunzitsi, 13:41
Tadala wanena zimene ine ndi mabuku anga sindikanatha. Ndingowonjezera kuti matric ya akuluakuluyo, Amended Senior Certificate, amalola kuyambira zaka 21, ndiye kwa Yamikani ndi kutali. Koma CET ndi sukulu za kwacha za kuno tingotero, kungoti zili ndi mayeso a boma. Tadala, pa centre yanuyo anakufunsa mapepala anji?

Tadala, 13:46
Pasipoti ndi lipoti la sukulu ya kwathu. Koma mnzanga wina ku centre ina anamubweza, ndiye zimatengera amene mwamupeza pa desiki. Pitani ndi munthu wodziwa Chizulu, zimafewa.

Mayi Nyirenda Fourways, 15:10
Kumene ndimagwira ine ana sapita ku sukulu ngakhale pang'ono. Amaphunzira pakhomo, mayi awo ndi laputopu, mabuku amabwera pa courier, Lachinayi kumabwera wophunzitsa piyano. Amati homeschooling. Make Yamikani sangachite zomwezo?

Bambo a Mphatso Tembisa, 15:14
Kkkkk piyano mu mkuku wa malata.

Aphunzitsi, 15:32
Musaseke, n'zololedwa, kungoti mwana wa msinkhu wokakamizidwa sukulu amayenera kulembetsedwa ku dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng, ndipo lamulo la zamaphunziro la BELA limene a Ramaphosa anasaina mu Seputembala 2024 linalimbitsa zimenezi. Akafika Giredi 10 mpaka 12 amadzera m'makampani ophunzitsa patali, mayeso n'kulembera ku mabungwe a mayeso a SACAI kapena IEB. Palinso Cambridge, umatha kulemba IGCSE pawekha kudzera ku British Council. Zonsezi ndi ndalama zoti wantchito ya m'nyumba sangazione, komanso zimafuna kholo limene lili pakhomo. Chimene tingatoleko ife ndi zaulerezi. Mabuku a Siyavula a masamu ndi sayansi ali pa intaneti ulere, Khan Academy ndi yaulere, malaibulale a City of Joburg kulowa salipiritsa. Koma foni payokha siphunzitsa mwana amene ali yekha m'chipinda. Sabata yoyamba achita masamu, yachiwiri TikTok.

Bambo a Mphatso Tembisa, 16:05
Poti zafika apa nanenso ndiulule, ndimaseka koma zikundiwawa. Mphatso wanga ali ndi zaka 9, anabadwira kuno ku chipatala koma birth certificate tilibe, tili ndi kakhadi ka ku kiliniki kokha. Sanalowepo m'kalasi. Amawerenga zikwangwani za m'misewu, anadziphunzitsa yekha.

Aphunzitsi, 16:19
Achimwene, zaka 9?? Ameneyo ndiye chigamulo chija chimamukhudza mwachindunji, ndipo inu lamulo likukukakamizani kumutumiza. Kakhadi ka ku kiliniki kameneko ndi umboni, kaphatikizeni ndi affidavit. Ana otere ndi amene anachititsa kuti ku Sacred Heart College ku Observatory ayambitse Three2Six mu 2008, ana a othawa kwawo ndi obwera ankaphunzira kuyambira 3 koloko mpaka 6 eni sukulu akaweruka, dzinalo linachokera pamenepo. Kwa inu ku Tembisa n'kutali, koma yambani ndi pulayimale imene ili pafupi nanu. Ndikhala off Lolemba, ndikuperekezani.

Bambo a Mphatso Tembisa, 16:22
Ndilipira taxi ndi kota ya nkhomaliro.

Che Mjomba Mayfair, 18:40
Ine ndibwerere kwa a Mbewe. Si kuti ndikukukayikirani achimwene, koma mawu akuti "akuphunzira ntchito" ndawaona akudya ana kuno. Mnyamata amamutenga pa shopu kapena pa fakitale yosoka, akuti tikumuphunzitsa, chaka chimatha akunyamula mabelo kuyambira 7 mpaka 7, malipiro ndi chakudya chamasana. Makina osawakhudza n'komwe. Akadandaula amamuopseza ndi Lindela, kumene amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo. Ndiye tinene poyera, mwanayo akabwera kwa inu aphunzira chiyani, masiku angati, ndipo mumupatsa chiyani?

Mbewe Mageti, 19:15
Funso labwino mjomba, sindikwiya. Kwa Biwi ndinaphika nsima miyezi isanu ndi umodzi, sindingachitenso mwana wa mnzanga zomwezo. Loweruka lokha, 8 mpaka 1. Ayamba ndi tepi, sikweya ndi choko, kuyeza ndi kulemba. Gilayinda sagwira mpaka nditakhutira, chifukwa chimene chimadula zala ndi gilayinda osati welding. Galasi ndi magolovesi ndi zanga. Ya taxi ndimupatsa, ndi kena ka sopo.

Aphunzitsi, 19:28
Zili bwino, ndipo lamulo la ntchito kuno limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 15, wa 15 mpaka 17 osamupatsa ntchito yoika moyo pachiswe. Ndiye zimene mwanena za gilayinda zisungeni. Chinanso, mugule kope. Loweruka lililonse azilemba deti ndi chimene wachita, inu n'kusaina, ajambulenso zithunzi. Kuno kuli njira yotchedwa ARPL, munthu amene wagwira ntchito ya manja zaka zingapo popanda sukulu amaonetsa umboni, amamuyesa, n'kukalemba trade test ngati ku INDLELA ku Olifantsfontein. Akakhoza ndi Red Seal yomweyo. Ngakhale atabwerera kumudzi, kope limenelo likamuyankhulira. Ndipo a Mbewe, njira imeneyi ndi yanunso.

Mbewe Mageti, 19:33
Ine ndi imvi zangazi ndikalembe mayeso?

Tadala, 19:34
Gogo wanga uja anali ndi zaka 60 ankolo kkk.

Mbewe Mageti, 19:35
Iwe mwana usandiyambe.

LACHINAYI

Make Yamikani, 21:05
Abale ndabwera ndi lipoti. Lero ndinapempha kuweruka msanga. Ndinagula chips ndi Fanta, ndinakhala naye pa bedi monga ananenera Tadala. Poyamba amangoti "chilichonse mayi". Ndinangokhala chete. Kenako anatulutsa makope awiri pansi pa matiresi. Abale, ndi manotsi a Fomu 3, Physics ndi Biology, wakhala akukopera pamanja. Mnzake wa ku Ntcheu amamujambulira pa WhatsApp madzulo aliwonse, iye n'kumalemba. Data imene ndimamukalipira kuti akuthera mpira ija imapita kumeneko. Miyezi yonseyi ine osadziwa, tikugona chipinda chimodzi.

Akuti Giredi 9 ndi ana a zaka 14 sakufuna, amuseka. Akuti akufuna MSCE yomwe anzake adzalembe. Za welding anakwinya nkhope, pepani a Mbewe, akuti iye amakonda zamagetsi. Ndipo n'zoona, hot plate ya a landlord anakonza ndi iyeyo, ndi ketulo ya neba.

NaBanda Turffontein, 21:08
Ulululu! Mwana ameneyu ndi wa mutu. Pansi pa matiresi ena amabisa zina.

Mbewe Mageti, 21:14
Muuzeni asakwinye nkhope msanga. Mageti anga ambiri ndi a mota. Pali ma board, ma remote, batire, ma sensor, nthawi zina ndi electric fence yomwe. Mbali imeneyo ndimachita kuitana mnyamata wa ku Zimbabwe n'kumulipira, chifukwa mawaya ine amandizunguza mutu. Abwere adzaime pambali pa ameneyo. Akaidziwa, ndalama imeneyo izidzapita kwa mwana wa kwathu.

Che Mjomba Mayfair, 21:19
Ndiye MSCE akalembera kuti? Pa Cosmo City palibe MANEB.

Aphunzitsi, 21:37
Palibedi. MANEB imalola ma external, koma umalembetsa kudzera pa sukulu ya ku Malawi ndipo mayeso umakalembera komweko. Ndiye mawu a mjomba sanagwe pansi, mwanayu tsiku lina adzakwera basi, kungoti adzapita kukalemba osati kukatayidwa. Make Yamikani, muimbire ahedi a sukulu yake yakale mufunse za kalembera wa ma external ndi nthawi yake, musadikire chaka chimene adzalembe. Chondidetsa nkhawa ndi ma practical a sayansi, amenewo pa WhatsApp sungakopere, adzafunika kupita miyezi ingapo mayeso asanayambe. Komabe ine ku district kuja musasiye. Akapeza malo a Giredi 10 Januwale akubwerayu, mwina maganizo adzasintha, asankhe ali ndi ziwiri m'manja.

Masamu ndimuthandiza ine. Lamlungu tikaweruka mapemphero holo imakhala yopanda anthu kuyambira 1 koloko, ndikapempha abusa. Ndakhala zaka zambiri osagwira choko, manja akuyabwa.

Tadala, 21:40
Aphunzitsi inenso ndibwere? Maths Literacy ikundizunza.

Mayi Nyirenda Fourways, 21:44
Nanenso ndili ndi mtsikana wa mlamu wanga, zaka 17, analekeza Fomu 1. Ndimachita manyazi kunena.

NaBanda Turffontein, 21:46
Kwathu kuno kuli awiri a pa yadi yathu, makolo awo sali pa gulu lino. Ndiwauze?

Aphunzitsi, 21:50
Auzeni. Koma abale ndinati mwana mmodzi, pano afika asanu, ndipo wina Fomu 1 wina matric. Ndi Std 1 mpaka 8 pansi pa mtengo umodzi ngati 1994 kkk. Chabwino, tiyesa. Aliyense abwere ndi kope ndi lipoti lake lomaliza ngati lilipo. Tsiku loyamba ndingowayesa kuti ndidziwe pamene aliyense ali.

Mbewe Mageti, 21:58
Asanu ndi mmodzi. Ndibwera ndi mapepala a masitepe aja, ndinawasunga. Koma wina akajambula chithunzi n'kuika muno ndituluka gulu.

Admin, 22:01
Kkkkk palibe ajambule. Bolodi tilipeza kuti?

Mbewe Mageti, 22:03
Ndili ndi chitseko chakale cha pulaini, ndichipaka utoto wakuda mawa. Wina agule choko.

Wa Matemba, 22:04
Choko ndigula ine. A Admin mundilole ndiike usipa Lachisanu.

Admin, 22:05
Lamlungu achimwene.

Make Yamikani, 22:11
A Mbewe, akufunsa kuti Loweruka avale chiyani.

Mbewe Mageti, 22:13
Jinzi ndi nsapato zotseka, osati ma slippers, osati malaya a nayiloni a mpira aja, amasungunuka. Akatsika taxi pa ma robot aimbe, ndimutumizira mnyamata.